Zithunzi Zanga, Dzina la Mwamuna Wanga

1

Mukadafika kwathu m'komboni ya George masiku amenewo, mukadapeza makatani otseka masanasana, ine ndili pakama, tabuleti pamiyendo, ndikujambula mkazi wanyanga pamutu. Aneba ankanditama kuti ndine mkazi wosayendayenda. Sankadziwa kuti ndinkabisala.

Dzina langa ndine Deborah, mwana wachisamba wa a Miti, mkulu wa mpingo wina wa ku Matero. Bambo anga ndi munthu wachikondi, koma pa nkhani ya mizimu yoipa saseka ndi munthu. Tili ana anatentha chitenje chatsopano cha amayi chifukwa pakona pake panali kadzidzi. Ndiye inu taganizani, mwana wa munthu wotere n'kumajambula njoka zamapiko.

Matendawa ndinawatengera m'kashopu ka makompyuta komwe msuweni wanga Marjory ankandikokera kukasewera gemu ya pa intaneti, ija yoti aliyense amasankha msilikali wake n'kumakamenyana ndi zilombo. M'Matero monse munalibe wosewera wolephera ngati ine. Anzanga ali kalikiliki pa nkhondo, ine ndinkaima pakati pa bwalo kuyang'ana mitambo yofiirira ndi mmene kuwala kukugwera pa chishango. Chilombo chinkangobwera n'kundidya ndili chiimire.

Woyang'anira kashopuko anali Sydney, mnyamata wa pakamwa potsekemera. Tsiku lina anandipeza ndikujambula chilombo chondidyacho kuseri kwa pepala la nyimbo za kwaya.

"Ndiwe wajambula ichi?" anafunsa. "Awe, uli na manja, mwana wa ba eluda."

Pasanapite nthawi anandibweretsera tabuleti yogula kwa munthu, yong'aluka pakona, pamodzi ndi cholembera chake. Atsikana ena amakopedwa ndi nkhuku ndi tchipisi, ine ndinakopedwa ndi galasi long'aluka. Tinakwatirana, ndipo ndinalowa m'nyumba yake ya zipinda ziwiri ndikuyesa kuti ndalowa m'paradaiso.

2

Chithunzi changa choyamba chenicheni chinali cha komboni ya Kanyama m'nyengo ya mvula. Madzi afika m'mawindo, njoka yaikulu yamapiko ikutuluka m'ngalande, ndipo pa denga la malata paima mkazi wanyanga za mbawala, atavala zachitsulo zokhala ndi maluwa a chitenje, mkondo wamoto uli m'manja. Sydney anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ichi tifunika kuchiika pa gulu," anatero.

Gulu limene ankanena linali la pa intaneti, la anthu ojambula zithunzi za magemu. Mwambo wawo unali woti ukaika chithunzi, anzako amachisenda ngati mbatata: apa walakwitsa, apa wakhoza, apa kuwala kwachokera kolakwika. Ine ndinakana ndi mutu ndi manja omwe. Ndinati bambo akangomva kuti ndajambula mkazi wanyanga, ndasanduka mwana wamasiye iwo ali moyo.

"Osavutika, Debo," anatero Sydney akundisisita pamsana. "Tizaika zina langa. Ba tate bako bakamvela, bazakalipila ine. Ine baniona monga wotaika kale."

Ndinalira poyamikira. Ndinati mwamuna uyu wandisenzera mtanda.

Chithunzicho chinayenda ngati moto wolusa. Osewera gemu anayamba kulembera Sydney kuti awajambulire asilikali awo, wina wa ku Chilenje, wina wa ku Kopala, ena a kunja kwa dziko. Ine ndinkajambula, n'kutumiza pa foni yake, iye n'kulemba dzina pakona yam'munsi. Anagula chipewa chopendekeka ndi magalasi opanda mankhwala. Munthu woti ngakhale ndowa sangaijambule, anyamata a m'komboni anayamba kumutcha kuti ba atisiti.

Nkhani itafika ku Matero, bambo anandiitanira pambali titatuluka m'tchalitchi.

"Mwana wanga, uzimupempherera mwamuna wako," anatero. "Zimene akujambulazo si za kuunika. Iwe usazikhudze n'komwe."

"Chabwino, ba tate," ndinayankha, chala changa chili ndi chikanga cha cholembera.

3

Kenaka pa gulupo panatulukira Dalton.

Analibe chithunzi cha nkhope, ndipo palibe amene anaonapo ntchito yake. Koma Sydney akangoika chithunzi, Dalton ankafika ngati ntchentche pa chilonda. Ena ankayamba ndi kuyamikira, iye ankayambira pa fupa. Ankalemba kuti dzuwa lili kumanzere koma chithunzithunzi chagweranso kumanzere. Ankati zala za msilikali zili ngati nthochi, ati mapiko amenewo sanganyamule ngakhale nkhuku. Chopweteka kwambiri chinali choti nthawi zambiri ankanena zoona.

Ine pa gulupo ndinalibepo, choncho Sydney ndiye ankandiwerengera ndemangazo, ine ndikutsuka mbale. Za anthu oyamikira ankangozidumpha, ati n'zachibwana. Za Dalton ankaziwerenga pang'onopang'ono, mawu aliwonse.

"Waona?" ankatero. "Aba ndiye baziba vinthu. Ukali kutali, Debo. Mwayi wako ni wakuti bamanyoza ine, osati iwe."

Chaka chimenecho kakampani kena ka achinyamata m'tauni kanayamba kupanga gemu yakeyake, ndipo kankafuna wojambula woti azikakhala nawo mu ofesi. Anamuitana Sydney. Iye anayamba kuzemba, lero mutu, mawa maliro. Ine ndinalimba mtima n'kumuuza kuti mwina yakwana nthawi yoti ndipite ndekha, ndikanene zoona.

Sanakalipe. Anangotulutsa foni n'kundiwerengera zimene Dalton analemba m'mawa womwewo, zoti wojambula uyu akadzangokhala pakati pa akatswiri enieni adzathawa tsiku lisanathe.

"Ufuna bakakuseke pa menso?" anandifunsa. "Na ba tate bako bamvele? Ukaluza konsekonse."

Ndinabwerera kuchipinda n'kutseka makatani. Pakhomo panalibe loko, koma ndinkamva ngati nkhuku ya m'chitatanga imene yaiwala kuti ili ndi miyendo.

4

Pano pali manyazi anga, ndipo sindikubisirani. Ndinayamba kujambulira Dalton.

Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi. Mwamuna wanga ankangoona dzina lake pakona, bambo anga ankaona ziwanda, koma mlendo uyu ankaona chala chilichonse ndi khwinya lililonse la nsalu. Ndikamakonza dzanja la msilikali mpaka msana kuwawa, ndinkadzifunsa kuti kodi Dalton anena chiyani. Tsiku limene analemba kuti mitambo yokha ndiyo ili bwinoko, ndinaphika ndikuimba. Mkazi wapabanja, kumagona ndikuganiza za mwamuna wopanda nkhope.

Loweruka lina Marjory anabwera kudzandiluka tsitsi. Iye yekha ndiye ankadziwa chinsinsi changa, ndipo sankachikonda.

"Iwe, uyu mwamuna wako akudyela pa mutu," anatero akukoka tsitsi mwankhanza. "Vithunzi vako, zina lake. Ni chikwati cha bwanji ichi?"

Ndinamupempha foni. Marjory anali pa gulupo chifukwa cha gemu, choncho ndinalembera Dalton kumbali kudzera pa dzina lake. Ndinati ndine mkazi wa Sydney, zithunzi zonse zija ndimajambula ndine, ndipo ndikufuna andiuze mosabisa ngati ndingathe kuima pandekha.

Yankho linabwera Marjory asanamalize mzere wachiwiri. Dalton anati anaziona kale kuti ndi dzanja la munthu wosaphunzira. Anati anthu amazikonda chifukwa cha dzina limene Sydney anamanga, ndipo popanda iye palibe angaziyang'ane kawiri. Anati ndithokoze Mulungu pondipatsa mwamuna wondiphimba, ndikhale chete.

Ndinabweza foni, misozi ikugwera pa chitenje. Marjory ankayesa kuti akundikoka kwambiri.

Kuyambira sabata imeneyo Sydney anayamba kunyamula tabuleti akamatuluka, ati m'komboni mwachuluka akuba. Ndinkajambula pokhapokha iye ali pakhomo, atakhala pa mpando kumbuyo kwanga. Ine wopusa ndinati ndi chilango cha Mulungu chifukwa cholembera mwamuna wina.

5

Mvula itayamba ndinapita padera. Mimbayo inali itangoyamba kuoneka, ndipo ndinali nditasoka kale timalaya tiwiri. Amayi anabwera kudzandisamalira, a mvano anadzapemphera, kenaka onse anapita n'kundisiya ndi makoma.

Nditapeza mphamvu, ndinapempha tabuleti. Gulu lija linali litaika mpikisano wojambula msilikali wobwerera kuchokera kunkhondo. Ndinajambula mkazi wanga wanyanga uja akuyenda m'njira ya matope pakati pa nyumba za zidina, mkondo utathyoka, kumwamba kukuuluka zilombo zotopa. Kumsana kwake ndinaberekako mwana ndi chitenje chobiriwira. Kankhope kake ndinakakonza kwa masiku, mpaka kanayamba kufanana ndi munthu amene sindinamuone.

Kwa inu amene simunagwirepo ntchitoyi, chithunzi cha pa tabuleti sichijambulidwa pa pepala limodzi. Timasanjikiza timapepala toonekera, timene timatcha maleya: mitambo pa kake, nyumba pa kake, munthu pa kake. Ukafuna, umangozimitsa leya imodzi, ndipo chimene chili pamenepo chimasowa osafufutika. Tsiku lotumiza litafika, mtima unakana kuti mwana wanga akasendedwe ndi alendo. Ndinazimitsa leya yake. Chimene chinapita pa foni ya Sydney chinali mkazi yekha, msana uli pululu.

Mawa lake masana Marjory anabwera ndi nthochi kudzandiona. Sydney anali atatenga ndowa kupita kubafa kuseri kwa nyumba. Ndinabwereka foni kuti ndione ndemanga ndi maso anga, ndipo ya Dalton inali pamwamba.

Anati msilikaliyo wawerama popanda chifukwa, ngati wanyamula katundu wosaoneka. Anati wojambulayo akanangosiya mwana uja wa chitenje chobiriwira, koma wamuchotsa chifukwa nkhope ya khanda yamukanika.

Ndinawerenga kawiri.

"Ni chani?" anafunsa Marjory.

"Mwana uyu sanachoke mu nyumba ino," ndinatero. "Palibe wamene anamuona."

6

Poyamba ndinadzinamiza kuti mwina Sydney amadziwana ndi Dalton ndipo anamuonetsa tabuleti. Mtima umakonda bodza laling'ono kuposa choonadi chachikulu. Koma manja anga anali atayamba kale kulemba. Ndinatumizira Dalton kumbali mawu awiri okha: muli kuti?

Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kunkapachikidwa jekete la suti imene Sydney anavala pa ukwati wathu. M'jeketemo munalira kanthu, ng'ung'ung'u.

Marjory anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. Ndinatumizanso, jekete linaliranso. Ndinapisa dzanja m'thumba lamkati n'kutulutsa kafoni kakuda komwe sindinakaonepo chikwatiwire. Pa galasi pake panali dzina la Marjory ndi funso langa.

Sydney analowa atamanga thaulo, akuimba mluzu. Ataona chimene chinali m'manja mwanga, mluzu unathera pakati.

"Marjory, tatuluka," anatero.

"Sinizachoka," anayankha Marjory, n'kukhala bwinobwino pa mpando.

Ine mawu anandituluka aang'ono. "Ba Dalton, mwasamba bwino?"

Anayamba ndi kukana, ati foniyo ndi ya mnzake. Kenaka anati ankafuna kundithandiza, chifukwa ndikanamva zolakwa zanga kuchokera pakamwa pake ndikanakwiya. Anati ndione mmene manja a asilikali anga akomera tsopano, kodi si chifukwa cha Dalton? Ndinamusiya alankhule mpaka mabodza anamuthera.

"Nanga mwana?" ndinafunsa. "Mwana wathu, Sydney. Munalemba kuti nkhope yake yanikanga."

Anakhala pakama, madzi akudontha m'tsitsi.

"Chija chithunzi chinali chabwino maningi," anatero motsitsa. "Ninachiona, ninayopa. Banthu ba ku kampani banatuma foni futi. Debo, ine nilibe chilichonse. Iwe ukaziba kuti ndiwe ndani, uzankhala na ine chifukwa cha chani?"

Ndikanakonda ndikuuzeni kuti ndinamumenya mbama. Zoona zake n'zoti ndinamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinandinyansa kuposa mkwiyo. Munthu yekhayo amene ankayang'anitsitsa ntchito yanga, amene ndinkamulota mobisa, anali mwamuna wanga yemwe, ndipo ankayang'anitsitsa pofuna kupeza polasa.

Nditayamba kulongedza zovala, chisoni chake chinauma msanga.

"Choka," anatero. "Koma ukangotuluka pa geti na tabuleti iyo, nituma foni kuli ba eluda. Bazibe kuti mfiti ya mu nyumba ino ni ndani."

7

Sindinamupatse mpata umenewo. Tinakwera minibasi ya ku Matero ine ndi Marjory, chikwama pamiyendo, tabuleti pachifuwa.

Tinawapeza bambo pakhonde akupukuta nsapato za ku tchalitchi, amayi akusankha nyemba. Ndinagwada n'kunena zonse, kuyambira pa pepala la kwaya mpaka pa jekete. Bambo anamvetsera osandidula. Nditafika pa za mwana, amayi anaika lichero pansi n'kuphimba nkhope.

"Ndiye zilombo zonse zija, zimene ndakhala ndikumudzudzula nazo mkamwini wanga, ndi zako?" anafunsa bambo.

"Ni vanga, ba tate."

"Ndipo unkandiyankha kuti chabwino."

Ndinayatsa tabuleti kuti aone okha kuti si ziwanda, ndi nkhani chabe za anthu olimbana ndi zowaopsa. Anatembenuzira nkhope kumpanda.

"Mwamuna ameneyo wakuchita nkhanza, ndipo kumeneko subwererako," anatero. "Chipinda chako chilipo. Amayi ako akuyalira lero lomwe." Mtima wanga unayamba kutsika, koma anali asanamalize. "Koma chinthu icho chitsale kunja kwa geti. M'nyumba mwanga sichilowa."

Ndinaimirira pakati pa bwalo lomwe ndinakuliramo. Ku George ndikanapitiriza kujambula wopanda dzina. Kuno ndikanakhala Deborah wa a Miti, wa kwaya, wopanda chojambula. Amayi ankandinong'oneza kuti ndingovomera, mwina mtima wa bambo udzafewa. Ine ndinkawadziwa bambo anga kuposa pamenepo.

"Tiye," anatero Marjory. "Kwanga ku Chawama kuli mphasa."

Ndinawatsanzika mwaulemu. Bambo anatola nsapato ina n'kupitiriza kupukuta.

8

Ku Chawama, Marjory anandijambula vidiyo ndi foni yake, nkhope ndi manja zikuoneka, ndikuyamba msilikali watsopano kuchokera pa mzere woyamba mpaka pa mtundu womaliza. Tinaiika pa gulu pamodzi ndi nkhani yonse. Kunali chipwirikiti. Sydney anafufuta dzina lake n'kusowa, ndipo Dalton anasowa naye tsiku lomwelo. Ku kampani kuja anali atalemba kale munthu wina, koma osewera gemu anayamba kundilembera ine mwini.

Vidiyoyo inafikanso ku Matero, monga ndinkayembekezera. Lamlungu lotsatira amayi anabwera mobisa ndi ndiwo zamasamba. Anakhala pa mphasa, akulephera kundiyang'ana.

"Atate ako akuti ali bwino, ndipo akukupempherera," anatero. "Koma akupempha chinthu chimodzi. Pa zithunzi zakozo usalembepo dzina lawo."

Owerenga anzanga, makamaka inu atsikana amene muli ndi luso m'manja, sindikuuzani kuti muzithawa odzudzula. Wojambula wosadzudzulidwa sakula. Koma muzifunsa kuti wondidzudzulayu akufuna ndifike kuti. Wina amakuonetsa cholakwa kuti upite patsogolo, wina amakuonetsa kuti usatuluke pakhomo, ndipo mawu awo amatha kufanana ndendende. Muzichenjeranso ndi munthu wodzipereka kukusenzerani manyazi, chifukwa tsiku lina adzakuuzani kuti popanda iye mulibe nkhope. Mpaka lero anthu akandiyamikira sindikhulupirira msanga. Bambo anga ndimawasowa kwambiri, ndipo sindikudziwa ngati adzayang'anepo ntchito yanga ali moyo.

Amayi atapita tsiku lija, ndinatsegula chithunzi chatsopanocho n'kupita pakona yam'munsi. Dzina la mwamuna ndinali nditalivula, la bambo anali atandilanda. Ndinagwira cholembera nthawi yaitali, kenaka ndinalemba lokhalo limene linatsala: Deborah.